Mlamba wa m'Galasi

Ndinawatuma ndiwo amuna anga, koma iwo anabwera ndi chiweto. Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe, ndipo kumsika wa paboma la Lundazi anapeza munthu akugulitsa milamba. Umodzi waung'ono unali ukupumabe. Anaugula, nauika m'jumbo lothira madzi, nabwera nawo panjinga. Nditatenga mpeni, anandigwira dzanja.

"Uyu ayi, amayi. Wapilila dzuwa lonse lija, ndiye afele m'poto wanu?"

Tsiku limenelo tinadyera mfutso.

Poyamba mlambawo unkakhala m'beseni. Kenaka mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lusaka, anabweretsa thanki yagalasi, ndipo tinaiika pabalaza pafupi ndi zenera. Bambo ake anathiramo mchenga ndi phale la mphika wosweka, kuti nsombayo izibisalamo. Popeza abale awo a ku Mwase sankatiyendera kawirikawiri, ankakonda kunena kuti, "Mlamu, mlamba, kusiyana n'kochepa. Koma uyu sadandaula za ndiwo." Ine sindinkaseka nthabwala imeneyi pakakhala alendo, pakuti mawu amayenda, ndipo ine ndinali wobwera m'banja lawo.

M'mawa uliwonse ankapita kuchulu kukatola chiswe. Akaviika dzanja m'madzi, mlamba unkatuluka m'phale muja, n'kuyendetsa ndevu zake pazala zawo usanayambe kudya. Ndikayesa ine, unkabisala. Ndinkawauza zimene ndinaphunzira kusekondale, kuti nsomba imadziwa chakudya, siidziwa munthu.

"Ndiye ili monga ine," ankayankha. "Muganiza ndinakukwatilani chifukwa cha chiyani?"

Tinatsutsana choncho zaka zingapo, mlamba nukula mpaka kufanana ndi mkono wanga. Kenaka anadwala matenda ofoola ziwalo. Mbali yakumanja inafa, lilime nalo linalemera. Ndinayamba kutola chiswe ndine, koma kudyetsa ankadyetsa okha ndi dzanja lamanzere. Ankakhala pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili m'madzi. Anamwalira m'nyengo yozizira, titangokolola mtedza.

Kwathu maliro akachitika timatulutsa mipando yonse pabalaza, kuti amayi akhale pansi ndi wofedwa. Amene ankatulutsa katundu ananyamulanso thanki ija, madzi akutayikira, nakaiika m'chipinda chamdima mmene timasunga matumba a mtedza. Ine sindinaukumbukire mlambawo mpaka titaika maliro. Titaubwezera pamalo pake, unakana kudya. Chiswe chinkayandama pamwamba mpaka kufa, iwo uli phee m'phale.

Apa ndi pamene mtima wanga unatembenuka. Ana ankandilimbitsa mtima, a kumpingo ankandiimbira nyimbo, koma m'nyumba yonseyo chimene chinkalephera kumeza monga ine chinali nsombayo. Ndinayamba kufuna kuti amuna anga akhale kuti ananena zoona.

Abale asanabalalike, mlongo wawo wamkulu wa malemu anatiitanitsa pamphasa. Anali mayi wachikulire, amene anawalera amuna anga makolo awo atamwalira, ndipo mawu ake sankabwezedwa.

"Mulamu," anatero, "chinthu ichi chadziwa kuti mwini wake wapita. Nsomba ya mumtsinje ingadziwe bwanji malilo? Anthu akamba kuti m'bale wanga anali kusunga chizimba m'nyumba. Ena akuti chizimbacho munamufunila ndimwe."

Chizimba ndi mawu olemera. Munthu akanenedwa kuti ankasunga chinthu cha mankhwala, mbiriyo imamutsatira kumanda, n'kugweranso ana ake. Ndinaona kuti njira yotetezera dzina la amuna anga, ndi yosungira mlambawo, inali imodzi yokha. Ndinagwada bwino, ndi kulankhula mofatsa pamaso pa onse. Ndinati nsomba siidziwa munthu, ilibe chikondi, ilibe chisoni. Ndinati yaleka kudya chifukwa inagwedezeka poinyamula, inakhala mumdima, ndiponso kukazizira milamba siidya kwambiri. Zonsezi mwina zinali zoona. Koma ndinkazinena ndili pafupi ndi galasi lija, ndipo zinkandiwawa ngati ndikunamizira mnzanga.

Alamu anandimvetsera mpaka kumapeto, nagwedeza mutu, nandithokoza m'chilankhulo cha kwawo.

"Yewo, mulamu, mwakamba bwino. Ngati ni nsomba chabe, tiyeni tiikazinge lelo, tidye tonse, anthu aone."

Kuvomera sindikanatha, ndipo kukana kukanatsimikiza mphekesera ija. Mng'ono wawo wa malemu, munthu wosakonda mikangano, ndiye anati, "Kudya ayi, adadi anaigwila na manja awo. Ipite kumtsinje." Ankawatchula akulu ake kuti adadi chifukwa ndiwo anamuphunzitsa sukulu. Onse anavomera, ndipo mwana wanga atafuna kutsutsa ndinamuletsa ndi diso. Iye abwerera ku Lusaka, koma manda a bambo ake ali m'manja mwa anthu amenewa.

M'mawa mwake tinapita awiri, ine ndi alamu aakazi aja, kumtsinje wa Lundazi, pamalo amene madzi saphwa. Ndowa ndinasenza ndekha. Alamu ankabwera pambuyo ndi ndodo yawo. Nditapendeketsa ndowa, mlamba unatsetserekera m'madzi, koma sunathawe. Unakhala pamchenga pafupi ndi mapazi anga, ndevu zikugwedera.

Ndinamva alamu akufwenthera. Nditacheuka, misozi inali ikutsika m'masaya mwawo.

"Onani, mulamu," ananong'ona. "Akutsazikani."

Panalibe wina wotimva. Ndikanatha kunena kuti inde. Koma dzulo lake ndinali nditalankhula pamaso pa banja lonse, ndipo mkamwana wosintha mawu sakhulupiridwanso. Ndinayankha kuti, "Madzi azizila, alamu. Afuna azolowele."

Patapita kanthawi mlamba unagwedeza mchira, nulowa kwakuya.

Mphekesera ija inatha mvula isanagwe, ndipo dzina la amuna anga ndi loyera mpaka lero. Alamu nawonso anatisiya chaka chatha. Adzukulu akandifunsa ngati nsomba ya agogo awo inkawadziwadi, ndimawauza kuti sindidziwa, pakuti sindifuna kuwanamiza. Koma kubanja kwa amuna anga ndimadziwika kuti ndine mayi wophunzira amene anafotokoza bwino lomwe kuti nsomba siilira maliro, ndipo amanditamanda nazo. Ndikamva zimenezo ndimangoti zikomo.