Tsiku Limene Ndinathirira Chimanga cha Tete

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene Tete Esinati, mlongo wa bambo anga, ananditenga kuntchito kwawo ku Harare. Ankachita kafukufuku wa mbewu kuti apate digiri yachiwiri. Linali Loweruka, ndipo kunyumba kunalibe wondisiyira.

Kwathu ku lokeshoni ya Unit L mipopi inkakhala youma, ndipo ntchito yanga inali kuima pamzere kumjigo, kenako kuthirira repu wa amayi. Repuyo akafota, khutu langa ndilo linkapotokoledwa.

Tete anandisiya m'nyumba ya magalasi n'kupita kukatenga makiyi. M'katimo munkatentha, munkanunkha dothi louma. Pathebulo panali chimanga m'timiphika, masamba atapindika ndi ludzu, chikhalirecho pakona pali mpopi wotuluka madzi. Ndinawaona Tete ngati munthu wosasamala. Ndinapeza chitini n'kuthirira miphika yonse, kupatula umodzi umene unali pashelefu yapamwamba.

"Tete, munaiwala kuthirira," ndinatero monyada atabwera.

Anayang'ana madzi akudontha pansi pa thebulo. "Maiwe, Chisomo, waita sei? Wachita chiyani iwe mwana?"

Sanandimenye. Anatsitsa mphika wouma uja, n'kundilowetsa m'kachipinda kopanda mawindo. Anandiveka magalasi achikasu n'kuyatsa tochi ya buluu. Tsamba linaoneka lofiira, koma mitsempha yake inkawala mobiriwira.

Anandifotokozera kuti m'chimangacho anaikamo puloteni yowala, yochokera ku kanyama ka m'nyanja yamchere. Mbewu ikayamba kulimbana ndi chilala, puloteniyo inkawala pamalo pomwe nkhondoyo ikuchitikira. Anazimana madzi dala kwa masabata awiri, ndipo Lolemba ndiye linali tsiku lojambula.

"Ludzu lija ndimalifuna ndine," anatero. "Izi zamwa, basi. Zilibenso chondiuza."

Mu kombi, minibasi imene tinakwera pobwerera, anandigulira maputi, chimanga chokazinga chophulika.

Ndinadziwa nditakula kuti mbewu za mtundu umenewo zinali zomaliza. Ana sankaloledwa m'nyumba ija, choncho Tete anauza aphunzitsi awo kuti anathirira okha mosokoneza. Anayambiranso, ndipo anamaliza patapita chaka anzawo atavala kale gauni. Amayi sanauzidwe kanthu.

Zimandichititsabe manyazi. Panopa ndimadziwa kuti tsiku lija sindinachite ulesi kapena mwano. Ndinagwira bwino lomwe ntchito imene ndinkaidziwa, pamalo pamene sindinkadziwa kanthu. Tete anachoka kwa mphindi zisanu zokha, ndipo ndikanatha kuwadikira n'kufunsa.