Zimene a Wilf Sankadziwa

A Wilf Brassington anabadwira ku Burslem, tauni ya mafakitale oumba ziwiya, m'fungo la dothi, ndipo analowa ntchito ya makapu ndevu zisanamere. Ndi munthu wabwino, mowa amamwa mwaulemu, koma ali ndi nthenda imodzi: mawu akuti "sindikudziwa" sawadutsa pakhosi. Muwafunse njira ya kumene sanapondeko, akulozerani ndithu, chala chili nga!

Gasi atakwera mtengo, mwini fakitale anawapatsa ng'anjo yakale ya kuseri kuti ayese kupanga utoto wonyezimira woti uzipsa ndi moto wochepa. Analimbana nawo mpaka woyera unagonja. Wabuluu ndiye unali kukanabe.

Tsono ng'anjo imadya. Bwana ananena mosapsatira: boma limachepetsako msonkho kwa ofufuza zatsopano. Likavomera kuti ntchito ya a Wilf ndi kafukufuku, ng'anjo iziyakabe. Likakana, izimitsidwa, a Wilf akakhale kunyumba. Kwa iwo, kumeneko kunali kuikidwa m'manda maso akuphethira.

Kunabwera Nasreen, mayi wodziwa kulemba nkhani zotere kwa a msonkho.

"Bambo Brassington, ndiuzeni zimene simunkadziwa poyamba."

"Palibe."

"Nanga zimene zinakanika?"

"Mwanawe, ine makapu sandikanika."

Nasreen anatseka kompyuta yake. "Ndiye ndilibe cholemba. A msonkho akufuna kumva pamene katswiri anakanda mutu, chimene anayesa, ndi mmene chinamuthawira. Ngati munkadziwa kale, si kafukufuku ameneyo."

Taonani dziko kutembenuka! Kusukulu tinkakwapulidwa chifukwa chosadziwa, lero boma likukugula kusadziwako.

Madzulo ake a Wilf anangotosatosa chakudya. Akazi awo, mayi Glenys, amene akhala nawo kuyambira tsitsi lili lakuda, anawafunsa pang'onopang'ono mpaka nkhani inatuluka. A Glenys anangoitana Nasreen kuti adzamwe tiyi Loweruka.

Atafika mlendoyo, a Glenys anamupititsa kukhonde la kuseri, a Wilf akutsatira monyinyirika. Pa mashelefu panali makapu ndandanda, opindika, amawanga, ena akuda ngati apsa ndi mphezi, iliyonse itadzalidwamo kaluwa kake. Paja a Wilf kapu ikawonongeka ankaibisa m'chikwama cha kamba kuti anzawo asaione, n'kudzaiponya m'bini kunyumba. Zaka zonsezi ankadutsa pakhondepo ngati sakuona.

"Glenys, mlendo ukumuonetsa zinyalala? Izi ndinataya!"

"Munataya m'bini mwanga, bakha wanga. Za m'bini mwanga ndi zanga." Paja ku Burslem wokondedwa amamutchula bakha. A Glenys anatembenukira kwa Nasreen. "Iyi yaming'alu ngati chidendene ndi ya sabata imene anakana nsomba ndi tchipisi. Yamatuzayi ndi ya pa Khirisimasi, tsiku limene anakalipira mphaka wosalakwa."

"Mphakayo anandiyang'ana mwachipongwe."

"Nanga munazisungiranji, mayi?" anafunsa Nasreen.

"Munthuyu zikamuyendera amauza tauni yonse. Zikamukanika amabwera nazo kwa ine ndekha. Ndiye ndizitaye?"

A Wilf anatsokomola, n'kuyamba kufunafuna mpango m'thumba limene munalibe mpango. Kenako ananyamula kapu yaming'alu ija, naiyendetsa chala m'mbali.

"Iyi ndinachulutsa mankhwala osungunula. Utoto unapsa msanga, inde, koma pozizira unakokana kuposa dothi, n'kung'ambika."

"Munkayembekezera kuti zitero?" anafunsa Nasreen.

A Glenys ankathira tiyi osawayang'ana, koma dzanja lina linali pamsana pa amuna awo.

"Ayi," anatero a Wilf, mawu ali pansi. "Sindinkadziwa. M'mabuku munalibe. Ndinafunsa akuluakulu anzanga a ng'anjo, onse anangoti kakasi."

Pamenepo dziwe linaphulika. Kapu ndi kapu, anafotokoza chimene anasintha, moto umene anaikapo, ndi chimene chinatuluka. A Glenys ankawakonza akasokoneza miyezi. Nasreen zala zinachita kuwawa ndi kulemba, tiyi n'kuzizira, a Wilf osafuna kuleka. Atamaliza ya kumapeto anayang'ana shelefu mokhumudwa, ngati akanakonda akanalephera zochulukirapo.

Nkhaniyo inapita kwa a msonkho, masamba angapo a zolephera za munthu mmodzi, zolembedwa mwadongosolo. Sanaibweze. Ng'anjo ya kuseri ikuyaka mpaka lero, ndipo wabuluu ukuwavutabe.

Dzana ndinawaona akuweruka, kapu yosweka mlomo ili m'manja poyera, osati m'chikwama. A Glenys anali pageti.

"Ina yakana, mayi," anatero a Wilf, akuipereka ndi manja awiri. "Kaya muli ndi kambewu?"