Diso Lakumanzere la Telala wa ku Tanta

Sawsan Maghrabi si dokotala, ngakhale odwala amamutcha choncho. Ntchito yake pachipatala china cha khansa ku Cairo ndi kukhala pakompyuta n'kukonza njira ya cheza cha pulotoni chowotchera zotupa: chilowere pati m'mutu wa munthu, chikaime pati. Ubwino wa chezachi ndi womwewo, chimaima pomwe wachiuza. Koma poimapo m'pomwe chimaluma kwambiri, chikhalirecho mwambo wa ntchito ndi kuwerenga mphamvu yake mofanana njira yonse. Aliyense amatero.

Zaka zitatu zapitazo kunabwera a Fathallah, telala wa mumzinda wa Tanta, katswiri wosoka mabowo a masuti mpaka mwini suti kuiwala pomwe panang'ambika. Chotupa chawo chinali kuseri kwa mphuno. Sawsan anaona njira ziwiri. Ina inkafuna masiku awiri a kuwerengera, chikondwerero cha Idi chili pakhomo, odwala ali mbwee pamzere. Inayo inali yokonzeka kale, kungoti cheza chinkaima pafupi ndi mtsempha wa diso lakumanzere. Manambala sanadutse malire. Mtima unamuletsa ndithu, iye n'kuunyalanyaza, n'kusankha yokonzekayo, ndipo dokotala anasaina.

Chotupa chinatheratu. Patatha chaka diso lija linazima, singano n'kuwakanika a Fathallah.

Palibe anamuimba mlandu Sawsan, ndipo chinkamudya m'chimenecho. Idi iliyonse bambowo ankakwera sitima ndi bokosi la kahk, mabisiketi a shuga ophikidwa ndi akazi awo, kudzathokoza. Sawsan ankalandira akumwetulira, koma mabisiketiwo sankawadya. Ankawasiya patebulo la anamwino, manyazi atamugwira.

Chaka chino anabweranso.

"Adokotala, mwaondatu. Kodi amuna anu amadya okha kunyumbako?"

"Khalani pansi, bambo Fathallah. Ndili ndi mawu."

"Chotupa chija chabweranso?"

"Ayi, muli bwino. Ndi za diso lanu. Panali njira ina yodutsitsira cheza. Ndinaiona, koma ndinasankha yachidule."

A Fathallah anasisita msoko wa buluku lawo ndi chala.

"Mukanatenga inayo, diso likanatsala?"

"Mwina. Sindikudziwa. Palibe angadziwe."

"Simukudziwa, koma mwandiuza."

Sawsan ankayembekezera kutukwanidwa, ndipo kunena zoona ankafuna zimenezo. Kapena kukhululukiridwa. Bambowo sanampatse chilichonse mwa ziwirizi.

"Mwana wanga, zaka ziwiri ndakhala ndikuuza anthu kuti Mulungu anandisiyira moyo n'kutenga diso. Ndinavomera, mtima uli m'malo. Mayi akunyumba nawonso anavomera. Lero mukuti si Mulungu, inali Idi yanu?" Anapumira m'mwamba. "Katunduyu anakulemerani, ndiye mwati mutulire ine."

Anadzuka pang'onopang'ono. Sawsan anatambasula dzanja kuti awagwirize, koma iye anali ataima kumanzere kwawo, ndipo bambowo sanalione.