Telala Amene Anasoka Nyama ya Nkhumba

Kuseri kwa depoti ya mabasi kuli mzere wa timashopu togundana makoma. Kachiwiri kuchokera pakona ndi ka telala wina wachikulire amene anthu onse, ngakhale akazi awo omwe, amawatchula kuti Azigamba. Dzinali silinabwere mwangozi. Bambowa chinthu chong'ambika sagwirizana nacho. Akakwera basi n'kupeza mpando wong'ambika, amasolola singano imene imakhala pakolala ya malaya awo n'kuyamba kusoka, popanda wowapempha. Tsiku lina kuchipatala anasoka thumba la gawuni ya dokotala, dokotalayo ali kalikiliki kuwapima pachifuwa. Ana awo anavutika kwambiri pamene kunabwera fasho ya jinzi zong'ambika m'mawondo, chifukwa iliyonse yolowa m'nyumbamo inkapezeka m'mawa ili bwinobwino, yosita kale.

Koma kuphika sankakudziwa. Anakwatira ali mnyamata, ndipo kuyambira pamenepo chakudya chinkangowapeza patebulo. Ndiye mwana wawo wamkazi atabereka mapasa mumzinda wina wakutali, mayi a m'nyumba ananyamuka kukathandiza, Azigamba n'kutsala ndi buledi ndi tiyi. Thalauza itayamba kukhwepa m'chiuno sanadandaule. Anangoibweza pamakina. Itakhwepanso anaibwezanso. Mwana uja atawaona pafoni, khosi likusambira m'kolala, anagwira pakamwa. Sabata yomweyo anawatumizira pabasi poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono, wa chivundikiro chagalasi.

"Ababa, mumvetsere bwino," anatero pafoni. "Mugule nyama ya nkhumba ya paphewa, yokhala ndi mafuta ake. Musaiduledule, ikhale chinthuli chimodzi. Muipake mchere, tsabola, adyo ndi shuga pang'ono. Pansi pa poto muyale anyezi, nyama pamwamba, kenako viniga pang'ono ndi tomato sosi. Madzi theka la kapu basi. Mukatero muvundikire, muike pamoto wochepa, muiwale mpaka madzulo."

"Ndiiwale?"

"Eya, ababa. Ndipo musamavundukule. Nthunzi ikathawa mumabwerera m'mbuyo. Ndiye ikapsa..."

Pamenepo mmodzi wa mapasa aja anakuwa, mnzake n'kuyankha, foni n'kuduka. Azigamba sanaimbenso. Anaona kuti zimene zimachitika nyama ikapsa munthu aliyense amazidziwa.

Chinthu choyaka magetsi sakanachisiya chokha kunyumba, choncho ananyamula potoyo kupita naye kushopu. Anamuika pakashelefu, pansi penipeni pa waya wopachikapo zovala zosokedwa kale. Tsiku lonse makina ankalira, poto ali phee, thukuta lokha likuyenderera m'kati mwa galasi. Azigamba ankamuyang'ana cham'mbali ngati wantchito waulesi amene sungathe kumudzudzula chifukwa anabwera ndi achibale.

Fungo litayamba kutuluka pakhomo, kunatulukira Lumo, wometa tsitsi wa shopu yoyandikana, munthu wamfupi wosasowa pamene pali chakudya.

"Achimwene, mwayamba kusoka zokoma lero?"

"Khalani pansi mudikire. Osakhudza chivundikiro."

Nthawi yoweruka itakwana, Azigamba anasamba m'manja, n'kuvundukula. Anabaya nyama ija ndi foloko kuti ainyamule aiike m'mbale. Foloko inakwera yokha. Anayesa mbali ina, nyama inangoti yoyoyo, n'kumasuka ulusiulusi ngati nsalu yakale imene yathera padzuwa. Bambo aja anabwerera m'mbuyo mpaka kukhala pampando wa makina.

"Ndaononga," anatero ndi mawu apansi.

Lumo anatapa pang'ono n'kuika m'kamwa. Anatseka maso akutafuna. Kenako anathamangira kugolosale n'kubwera ndi mabanzi.

"Achimwene, idyani. Izi si za dziko lino."

"Idyani nokha. Ine nsanza sindidya."

Anamwa tiyi wawo akuyang'ana kukhoma, Lumo akupukuta poto ndi banzi. M'mawa mwake anapita kubutchala kukadandaula kuti anawagulitsa nyama yosalimba misoko. Wogulitsa nyama anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuwapatsa phewa lina.

Ulendo uno Azigamba anakonzeka. Anayala nyama patebulo lodulira nsalu, anaiyeza ndi tepi m'litali ndi m'lifupi, n'kulemba mizere ndi choko. Anatenga singano yaikulu yosokera matenti ndi ulusi wolimba wa jinzi, n'kuyamba: uku ndi uku, chopingasa, kubwereza kawiri m'makona momwe zinthu zimayambira kung'ambika. M'mphepete anapinda bwinobwino. Atamaliza anapaka zokometsera zija, anaika mu poto, mtima uli m'malo.

Madzulo nyama inatuluka yathunthu, yonenepa ngati kapilo ka pasofa. Azigamba anainyamula m'mwamba kuti aliyense aone. Anaitana Lumo, anaitananso mayi wa fotokope wa shopu yapakona, n'kuyala nsalu yotsala patebulo.

Mpeni unakana kulowa. Anagwiritsa ntchito sizasi. Aliyense analandira gawo lake, ndipo kwa kanthawi kunkangomveka kutafuna. Kenako Lumo anaima, anapisa zala m'kamwa n'kugwira kansonga ka ulusi. Anakoka. Ulusi unabwera. Anakokanso, unabwerabe. Atakoka kachitatu, nthuli imene inali pafoloko ya mayi wa fotokope inanyamuka, n'kuyenda patebulo ponse mpaka kukafika m'mbale ya Lumo.

"Bambo inu, bwezani nyama yanga!" anakuwa mayiwo.

"Yabwera yokha, mayi! Inu simunaione?"

Mayi aja anagwira mbali yawo ya ulusi, Lumo yake ili m'mano, n'kuyamba kukokana. Azigamba ankangoyang'ana ulusiwo uli nga nga nga pakati pa anthu awiri akuluakulu, osaduka.

"Mwaona?" anatero monyadira. "Msoko umenewo."

Patapita masiku angapo kunabwera mnyamata wina amene anasoketsa suti yoti avale kokafunsira ntchito kubanki. Sanabwere yekha. Kumbuyo kwake kunali agalu a m'depoti, ali pamzere mwaulemu, mphuno zili pa jekete.

"Madala, mwaichita chiyani suti yanga? Agaluwa anandiperekeza mpaka pakhomo la banki, n'kundidikira panja."

Azigamba ananunkhiza phewa la jekete. Munali adyo, anyezi ndi nkhumba yofewa bwino. Anayang'ana waya wa zovala, n'kuyang'ana poto pansi pake.

"Nanga mafunso anayenda bwanji?"

"Anandifunsa limodzi lokha. Akuti, 'Mwadya kuti?' Basi onse anadzuka kupita kukadya."

Madzulo a tsikulo mwana wawo anaimba foni kufunsa za poto. Azigamba anafotokoza zonse mwadongosolo: kuti nyama yoyamba inali yoonongeka, koma vutolo analithetsa ndi ulusi wa jinzi. Kumbali inayo kunamveka phokoso ngati munthu akutsamwa, ndi mawu akuti, "Amayi, tabwerani mudzamve nokha!"

"Azigamba," anatero akazi awo atalandira foni, "akuti mwasoka chiyani?"

"Nyama. Imang'ambika."

Mayi aja anaseka mpaka kudzutsa mapasa. Mwana uja atapezanso mpweya anatenga foni.

"Ababa, imayenera kutero! Ndiye kupsa kwakeko. Ikafewa mumatenga mafoloko awiri, n'kuikokera uku ndi uku mpaka yonse itanyenyeka, kenako n'kuisakaniza ndi msuzi wake."

"Kuing'amba?"

"Eya."

"Mwadala?"

"Mwadala, ababa."

Azigamba anatsanzika mwaulemu, n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana foni ili m'manja. Mwana anamulera okha, sukulu anamuphunzitsa, lero akuwauza zimenezi.

Komabe Loweruka lotsatira anagula phewa lachitatu, osalisoka. Litapsa anaima pamaso pa poto, foloko kudzanja ili, foloko kudzanja ilo. Anazilowetsa mu nyama. Manja anakana. Anapuma, anayesanso, thukuta lili kamukamu pamphumi, koma zala zimene zakhala zikulumikiza zinthu moyo wonse zinkangokankhira nyamayo pamodzi. Pomaliza anagogoda khoma.

"Lumo! Tabwerani. Inu mumadula za anthu tsiku lonse osamva chisoni."

Lumo anabwera akupukuta manja. Azigamba anamupatsa mafoloko, anatuluka panja n'kuima pakhonde atafulatira chitseko, manja kumbuyo, ngati munthu amene m'bale wake ali m'chipinda cha opaleshoni.

"Mwatha?"

"Pang'ono, achimwene."

"Musaizunze. Chitani msanga."

Atalowa anapeza banzi lili m'mbale, nyama ili m'kati, kabichi pamwamba. Analuma akuyang'ana kudenga kuti asaone. Anatafuna, anameza, n'kutambasula dzanja kuti awapatse lina.

"Kukoma ikukoma," anavomera, "koma ntchito yake ndi yosalongosoka."

Poto anasamukira kushopu ya Lumo, chifukwa mutu wa munthu suchedwa kutsuka kusiyana ndi suti. Loweruka lililonse Azigamba ankagula nyama, kuipaka zokometsera ndi kuvundikira, Lumo n'kumaliza zinazo iwo ali pakhonde.

Mapasa atayamba kukhala pansi, mayi a m'nyumba anabwerera. Loweruka loyamba anapita okha kushopu kukaona zimene ankangozimva pafoni. Poto atavundukulidwa, analanda mafoloko m'manja mwa Lumo, anakwinya manja a bulauzi, n'kuigwera nyama ija. Azigamba anali asanatuluke panja, ndiye anaona zonse. Mayiwo ankang'amba akuimba kanyimbo, nkhope ikuwala ndi chimwemwe chimene amuna awo anali asanachionepo chikwatirane.

"Pali inanso?" anafunsa atamaliza, mafoloko akadali m'manja, maso akuyendayenda m'shopumo.

Azigamba anavula jekete lawo mwakachetechete n'kulibisa kuseri kwa chitseko. Atafika kunyumba anatsuka mbale zonse okha, osauzidwa.