Mabotolo Ofiira Pawindo Langa

Anandichotsa ku pulayimale n'kunditumiza ku sekondale yoyendera ya kufupi ndi Chiringa, ati ndikaphunzitse sayansi. Inali nthawi ya matipate, masekondale otere akuphuka ngati bowa koma opanda kanthu m'kati. Labu kunalibe. Ndinapatsidwa choko ndi buku limodzi lothothoka chikuto.

Titafika pa mutu wa michere ndi ana a Fomu 3, ndinaona kuti ndikungodzilankhulira ndekha. Ndinawauza kuti mchere si wa m'ndiwo wokha. Soda ndi mchere, feteleza wa salufeti ndi mchere, ndipo ukaisungunula m'madzi ina imakhala asidi ngati ndimu, ina imapita mbali ya sopo, ina imangokhala pakati. Iwo ankangolemba. Mtsikana wina wokhala kutsogolo, wochokera ku Kaduya, anaimika mkono.

"Madamu, nanga madziwo poti onse ndi oyera, munthu angadziwe bwanji?"

Timapepala toyezera tinalibe. Ndiye Loweruka ndinakathyola maluwa ofiira a mpanda wa kutchalitchi, n'kuwanyika m'madzi otentha. Anatuluka madzi ofiirira. Ndinathira m'mabotolo a zakumwa n'kuwandandalika pawindo la nyumba yanga kuti azizire.

Lolemba kalasi inasokosera. Titathira madzi a maluwa aja m'madzi a mchere wa m'ndiwo, mtundu sunasinthe. M'madzi a soda unabiriwira. A salufeti anafiira. Mtsikana uja anathamangira kwa mayi wina wa pafupi ndi sukulu kukapempha chidulo cha therere, ndipo titadonthezamo chinabiriwira kuposa soda. Anaomba m'manja yekha.

Koma chaka chimenecho m'midzi munali mphekesera ya anthu opopa magazi. Mlendo aliyense wonyamula chikwama ankamuyang'ana ndi diso loipa, ndipo ine ndinali mlendo, wosakwatiwa, wokhala ndekha. Mtsikana uja atadwala malungo sabata yomweyo, nkhani inamveka kuti Madamu a sayansi amasunga magazi m'mabotolo pawindo.

Ahedi anandiitanira ku ofesi. Anali munthu wofatsa, woopa phokoso.

"Madamu, katayeni zinthu zija. Muziphunzitsa za m'buku basi."

"Za m'buku ndi zomwezo, ahedi."

"Anthu akwiya. Mawa kubwera makolo. Mupepese, nkhani ithe."

"Ndipepese kuti ndatani? Ndikapepesa ndiye kuti ndavomera kuti anali magazi."

Anagwira mutu. Ine ndinatuluka, koma mabotolo sindinataye.

M'mawa mwake makolo anadzaza pabwalo, njinga zitatsamizidwa m'makoma. Ena anabwera ndi zikwanje, ati akuchokera kumunda. Mayi a mtsikana wodwalayo anaimirira, maso ali psuu. Anayamba m'Chichewa, mkwiyo utakula n'kulowa m'Chilomwe, kenako anandiloza.

"Mwana wanga anachoka kunyumba ali bwinobwino. Mwam'tani inu?"

Ahedi anandiyang'ana kuti ndigwade. Ine ndinapita kunyumba n'kubwera ndi beseni la mabotolo, maluwa, ndi ketulo ya madzi otentha. Anthu anafutukira m'mbuyo.

"Mayi, mwana wanu ndimam'konda, ndipo kuchipatala akuti ndi malungo. Ine sindipepesa. Koma muone nokha chimene ndinachita."

Ndinanyika maluwa onse akuona. Madzi atafiirira ndinathira m'kapu n'kumwa. Bambo wina anafuula kuti amenewo ndi atsopano, ndimwe a m'botolo lakale. Ndinatenga la pawindo lija, lomwe linali litayamba kununkha, n'kugugudiza. Linali loipa kukamwa kosaneneka, koma nkhope sindinakwinye.

Kenako ndinapempha aliyense amene anali ndi soda. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pageti anamasula kansalu n'kundipatsa. Ndinakana kulandira.

"Thirani nokha, angati manja anga ali ndi mankhwala."

Anathira. Madzi anabiriwira. Iye anadumpha, n'kuyamba kuseka, ena n'kusekanso. Koma si onse. Bambo uja anati zimenezo ndiye matsenga enieniwo, natenga njinga yake n'kumapita. Mayi a mtsikana sanaseke. Anangomanga chitenje n'kuchoka osatsanzika.

Masana ake ndinatsegula m'mimba koopsa. Sindinauze munthu, chifukwa akanati magazi aja andibwezera.

Makolo angapo anachotsa ana awo m'kalasi mwanga. Kumsika wa Chiringa, amayi ena ankati akandiona amaphimba tomato wawo. Ahedi analamula kuti botolo lisaonekenso m'kalasi. Ndinawayankha kuti m'kalasi ndi mwawo, koma khonde la nyumba yanga ndi langa, ndipo ana ofuna ankabwera Loweruka, aliyense ndi kanthu kake koti tiyese: phulusa la zitsononkho, sopo, madzi a bwemba, mchere wakuda wa ku Mozambiki.

Mtsikana uja anachira koma kusukulu kwathu sanabwerere. Mayi ake anam'tumiza kwa amalume ake ku Nazombe, ndipo ndinamva kuti anapitiriza sukulu kumeneko. Chaka chitatha ahedi anandifunsa mwaulemu ngati sindingakonde kusamukira kwina. Ndinawauza kuti ayi, ndakhazikika. Amene anasamuka ndi iwowo, n'kundisiya ine pomwepo.