Mfuti ya Mbatata ndi Nyani wa Khutu Long'ambika

Ndikukumbukira tchuthi china mvula itangosiya, pamene amayi anachotsa tebulo lawo la nthochi ku Malota komwe tinkakhala, n'kukaliika m'mbali mwa msewu wopita ku mathithi. Kumeneko alendo ankagula osanenerera mtengo, ndipo mphepo ikatembenuka, nthunzi yozizira inkatiwaza kumaso. Koma kunalinso anyani. Mtsogoleri wawo anali wamphongo, wa khutu long'ambika, amene tinkamutcha Ba Landilodi chifukwa ankabwera ngati mwini malo. Nyaniyu sankaopa akazi ndi ana. Ankayenda mosapupuluma, kunyamula phava lonse la nthochi, n'kukakhala pamwala kumasenda ife tikuona.

Kugenda kunali koletsedwa, poti alonda a nyama sankafuna, ndiponso pamsewupo pankadutsa magalimoto. Tsiku lina nyaniyo atatenga kawiri, amayi anakhala pansi n'kugwira tsaya.

"Tisa, ngati ni so, tizabwelela ku Malota," anandiuza. "Siningavutikile nyani ine."

Ndinadziwa tanthauzo lake. Ku Malota khomo lililonse linali ndi tebulo la nthochi, ndipo zathu zinkangoda n'kuola. Sukulu ya sekondale imene ndinkailota inali kudalira msewu umenewu.

Madzulo ake ndinapita kwa malume anga a Fakisoni, omwe ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Pamalopo pankanunkha girisi ndi guluu womatira machubu. Ndinatola pampu, ndinatseka kabowo kake ndi chala, n'kuyamba kukankha mongotaya nthawi. Poyamba inalowa mofewa. Itafika pakati inayamba kulimba, ndipo nditapitiriza inakana, mpaka chala changa chinatsetsereka, mpweya n'kutuluka ndi mluzu.

"Ba malume, ni chani chikana mukati? Mulibe kanthu umu."

"Muli mphepo, mwana wa mlongo wanga," anayankha osadzutsa mutu. "Ukaichepesela malo, ikalipa."

Pomwepo ndinakumbukira anyamata a kusukulu, amene ankadinda khungu la lalanje mbali zonse ziwiri za kachubu ka bolopeni, n'kukankha ndi kamtengo kuti kalire. Ndinadzifunsa kuti, nanga chubucho chitakhala chachikulu?

Malume anandipatsa chidutswa cha paipi ya pulasitiki chotalika ngati mkono wanga. Ndinadula mbatata ya kachewere mochindikala, ndinadinda chidutswa kutsogolo kwa paipi, china kumbuyo, n'kukankha chakumbuyocho ndi mpini wa tsache. Chinangoti fyuu, ngati nkhuku yachimfine. Malume anaseka mpaka sipanala inagwa. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti kukamwa kwa paipi kunali mano mano, ndipo kunkang'amba mbatata, mpweya n'kumathawira m'mbali. Ndinaikhula pa simenti mpaka inasalala. Ulendo wotsatira ndinamva kulimba kuja kukukwera m'manja, kenako phokoso limene linadzutsa agalu a mzere wonse wa nyumba.

M'mawa mwake Ba Landilodi anafika dzuwa litakwera, akudzikanda pamimba. Mano ake ndinali nditawaonapo akuyasamula. Ndinaima kutsogolo kwa tebulo, mpini nditautsamiritsa pamimba, paipi nditaigwira ndi manja awiri. Nyaniyo anandiyang'ana ngati ndine chitsa, n'kutambasula dzanja. Ndinakoka paipi ndi mphamvu zanga zonse.

Phoo! Chidutswa cha mbatata chinamumenya pachifuwa. Sichikanapweteka ngakhale mwana, koma mkuluyo analumpha m'mwamba, anakuwa ndi mawu aang'ono omwe sitinkadziwa kuti ali nawo, n'kuwoloka msewu gulu lonse lili pambuyo. Amayi ogulitsa madengu a ku mudzi wa Mukuni anaimba nthungululu. Amayi anga anandinyamula ngakhale ndinali nditawapitirira kale paphewa.

"Uyu ni mwana wanga! Mwamuona?" ankauza aliyense, ngakhale alendo osamva chinenero chathu.

Anyaniwo sanasiyiretu kubwera, koma ankangoona paipi ili patebulo, n'kupatukira kwina. Tinakhala pamsewupo, ndipo ku sekondale ndinapita. Kumeneko mphunzitsi wa sayansi analemba pabolodi kuti mpweya wotsekeredwa ukauchepetsera malo ndi theka, mphamvu yake yokankha imawirikiza kawiri, bola kutentha kusasinthe. Anzanga ankavutika kuloweza. Ine ndinkangomwetulira, chifukwa manja anga ankadziwa kale.

Lero pamalo paja pali timashopu ta mawaya, ndipo ana anga amaphunzira za mpweya poonera zithunzi zoyenda pafoni. Amakhoza bwino, sindikudandaula. Amayi anasiya malonda, koma nkhaniyi amaisimbabe kwa adzukulu, ndipo nyaniyo amanka nakula chaka ndi chaka. Panopa wafika msinkhu wa ng'ombe. Ana akanditembenukira kuti nditsimikize, ndimangogwedeza mutu kuvomera.