Chigoba cha Nkhono cha Achimwene

Dzulo mdzukulu wanga anabwera ndi kope lofiira ndi inki. Aphunzitsi ake akuti Chingerezi cha ana a masiku ano chavunda ndi mafoni. Ine zilembo sindizidziwa, koma lero nditatola chigoba cha nkhono kuseri kwa bafa, fungo lake linandibwezera ku Mbayani, kumene ndinakulira.

Kusukulu kwa achimwene, wolankhula Chinyanja ankamuveka chigoba chotere m'khosi. Akamva mnzake akulankhula, ankamupatsira, ndipo wopezeka nacho Lachisanu ankakwapulidwa. Lachinayi lina achimwene anabwera nacho kunyumba, nakhala pakhonde osadya kanthu.

M'mawa ndinachitulutsa m'thumba mwawo, ndi kuwatsatira mpaka pamzere wa kusukulu. Ndinachivala pamaso pa aphunzitsi, chikundinunkha pachifuwa.

"Iwe ndiwe wa kalasi iti?"

"Ine sindiphunzira, aphunzitsi. Koma Chinyanja ndimalankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ichi n'changa."

Aphunzitsi anayang'ana achimwene, anayang'ananso ine. Ndodo imene inali m'manja mwawo anaitsitsa.

"Pita kwanu, mwana iwe."

Mzere wonse unamva kuti aphunzitsi alankhula Chinyanja. Ndinavula chigoba chija, ndi kuwapatsa aphunzitsiwo ndi manja awiri.